Mbale ya Mwezi ndi Nyenyezi

M'nyumba ya agogo anga aakazi ku Nkhotakota munali mbale imodzi imene mwana sankaloledwa kuigwira. Inkakhala pansi penipeni m'bokosi lathabwa, yokulungidwa m'nsalu yakale, ndipo inkatuluka kawiri kapena katatu pachaka: pa Idi, pa ziyala, ndi tsiku limene pakhomo pafika mlendo wolemekezeka. Inali yotakata, yoyera moderako pang'ono, pakati pali mwezi wofiira ndi nyenyezi, m'mbali muli maluwa obiriwira ndi abuluu. Agogo ankati inachokera ku Arabu, ndipo inabwera ndi apaulendo a Jumbe woyamba. Tonse tinakula tikudziwa choncho.

Agogo atamwalira, sadaka ya masiku 40 itangodutsa, pakhomo panafika munthu wogula zinthu zakale. Anaiyang'ana mbaleyo mwachidule natchula mtengo wokwanira matumba awiri a feteleza. Amalume anaona kuti ndi mwayi, poti dzinja linali pafupi. Mayi anakana.

"Achimwene, feteleza atha chaka chomwechi," anatero mayi. "Nanga chaka chamawa tidzagulitsa chiyani cha amayi?"

"Achemwali, mbale yopanda kanthu sidyetsa ana," amalume anayankha.

Aliyense anali ndi mfundo yake, koma panalibe amene ankadziwa chimene chinkagulitsidwacho. Madzulo ake ndinaitembenuza mbale ija, ndipo kunsi kwake ndinaona kachidindo kofufuma: chilombo chamutu wa munthu chitagona pa mwala, ndi mawu a zilembo zachizungu. Kuti timvetse chimene kachidindoko kankanena, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 1,000.

Basra ndi China

M'zaka za m'ma 800, pamene ufumu wa Abbasi unkalamulira kuchokera ku Baghdad kenako ku Samarra, zombo zinkachoka m'madoko a Basra ndi Siraf kupita mpaka ku China. Umboni wake unavuuka m'nyanja mu 1998, pafupi ndi chilumba cha Belitung ku Indonesia. Kumeneko kunapezeka chombo chomangidwa mwa Chiarabu, cha matabwa osokedwa ndi zingwe m'malo mokhomedwa ndi misomali, chitanyamula ziwiya pafupifupi 60,000, zambiri mwa izo mbale zootchedwa ku Changsha. Mbale ina inalembedwa tsiku lolingana ndi chaka cha 826. Katunduyo lero akusungidwa ku Singapore.

Oumba a ku Iraq ataona mbale zoyera za ku China anazisirira, koma analibe dongo loyera limene Achina ankaumbira, ndipo ng'anjo zawo sizinkafika pa moto woopsa umene umasandutsa dongolo kukhala porcelain. Anachita zimene akanatha. Anaumba ndi dongo lawo lachikasu, nalikuta ndi utoto wagalasi wosakaniza ndi tin, umene ukapsa umayera mbuu n'kubisa dongo la m'kati. Pamwamba poyerapo anajambula masamba ndi malemba a Chiarabu ndi utoto wabuluu wa mwala wa cobalt.

Anatulukiranso luso lina limene Achina analibe. Mbale yootchedwa kale ankaijambula ndi msanganizo wa siliva ndi mkuwa, naibwezera m'ng'anjo ya moto wochepa koma ya utsi wambiri. Ikazizira n'kupukutidwa, pankatsala kuwala konga kwa golide. Popeza Chisilamu chimaletsa kudyera m'ziwiya za golide ndi siliva, olemba mbiri ena amati ichi chinathandiza kuti mbale zoterezi zikondedwe m'nyumba za olemera. Matailosi a mtundu umenewu anaikidwa pa mihirabu ya mzikiti waukulu wa Kairouan ku Tunisia cha m'ma 862, ndipo alipobe. Lusolo linayenda kuchoka ku Iraq kupita ku Cairo, ku Kashan m'dziko la Persia, mpaka ku Malaga ku Spain. Mu 1301, Abu'l-Qasim wa ku Kashan, wobadwira m'banja la oumba, analemba m'buku mmene ntchitoyi inkagwiridwira.

Kenako zinthu zinatembenuka. M'zaka za m'ma 1300, ng'anjo za ku Jingdezhen zinayamba kujambula porcelain yoyera ndi cobalt wochokera ku Persia, ndipo pambuyo pake Achina anautcha utoto wotere huihui qing, kutanthauza buluu wa Asilamu. Ankaumba mbale zikuluzikulu, zoyenera anthu odyera pamodzi mozungulira mbale imodzi monga timachitira ife, pomwe Achina eni ake ankadyera m'timbale ting'onoting'ono. M'nthawi ya mfumu Zhengde, kuyambira 1506 mpaka 1521, ziwiya zina zinkalembedwa ngakhale mawu a Chiarabu ndi Chiperisi. Nyumba yachifumu ya Topkapi ku Istanbul ikusunga ziwiya za ku China zoposa 10,000. Phunziro loyamba la wofuna kuzindikira mbale yakale lili pomwepa: chojambulidwa pa mbale chimaonetsa amene ankayembekezeka kuigula, ndipo nthawi zambiri woumba anali wa dziko lina.

M'mizinda ya kugombe

Monga asodzi athu amawerengera mwera ndi mpoto, amalinyero a m'nyanja ya India ankawerengera kaskazi ndi kusi. Kaskazi, kuyambira cha mu Novembala, inkabweretsa zombo kugombe la kummawa kwa Africa; kusi, kuyambira cha mu Epulo, inkazibweza kwawo. Ulendo uliwonse unkasiya ziwiya, ndipo ziwiya zikasweka mapale ake saola. Nsalu imadyedwa ndi chiswe, chitsulo chimachita dzimbiri, koma phale limakhala m'nthaka monga linagwera.

N'chifukwa chake ofukula zakale amadalira mapale podziwa zaka za mudzi. James Kirkman anayamba kufukula ku Gedi m'dziko la Kenya mu 1948, Neville Chittick anagwira ntchito ku Kilwa kuyambira 1958 mpaka 1965, ndipo Mark Horton anafukula ku Shanga, pafupi ndi Lamu, m'zaka za m'ma 1980. Zimene anapeza zimagona mosanjikizana. Pansi penipeni pali mapale a mitsuko yobiriwira mkati mwa buluu yochokera ku Iraq ndi Persia. Pamwamba pake pali mbale za ku Persia zokongoletsedwa mokanda, za zaka za m'ma 1000 mpaka 1200. Kenako pakubwera mbale zachikasu za mizere yakuda zochokera ku Yemen, ndi celadon wa ku China wobiriwira ngati madzi osaya. Pamwamba pa zonse pali porcelain yoyera ndi buluu. Ibn Battuta atafika ku Kilwa mu 1331, inali nyengo ya celadon ndi mbale za ku Yemen.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga m'mutu. Choyamba, ziwiya zakunja zinali gawo lochepa kwambiri la mapale onse. Chakudya cha tsiku ndi tsiku chinkaphikidwa m'miphika youmbidwa pomwepo. Chachiwiri, mbale yakunja inkalemekezedwa. Mapale ambiri ali ndi timabowo toboola mosamala, kusonyeza kuti mbale ikasweka ankailumikiza m'malo moitaya. Mbale zina ankazimatira m'zipupa, mozungulira mihirabu ndi pa manda a zipilala, monga ku Mambrui m'dziko la Kenya ndi ku Kunduchi pafupi ndi Dar es Salaam. M'nyumba za miyala za ku Lamu munali timashelefu toboola m'khoma, totchedwa zidaka, toikamo mbale ndi mabuku.

Wopita kumalo amenewa lero amapeza mabowo ambiri opanda kanthu. Mbale zinagomoledwa n'kugulitsidwa kwa osonkhanitsa zinthu zakale. Wogulayo anapeza mbale, koma manda anataya chizindikiro chimene chikanauza adzukulu zaka zake.

Kuno kunyanja

Mbiri ya ziwiya kuno kwathu sinayambe ndi katundu wakunja. Mitundu ya mbiya zakale za kumwera kwa nyanja imatchedwa ndi mayina a malo amene tonse timawadziwa. Ku Nkope, m'boma la Mangochi, K. R. Robinson anafukula m'zaka za m'ma 1960 mapale ochindikala, a milomo yokhuthala yopindikira kunja ndi yokongoletsedwa ndi mizere. Anthu amene anaumba mbiya zimenezi ankalima ndi kusula chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pambuyo pake panabwera mbiya za mtundu wa Kapeni, kenako za Mawudzu, zimene ofukula amazigwirizanitsa ndi nthawi ya Amaravi, ndipo pomalizira za Nkhudzi, za zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Mlimi wa ku Nkope amene khasu lake latukula phale angakhale atagwira chinthu chakale kuposa mzikiti uliwonse wa ku Kilwa.

Katundu wa kugombe anafika kuno kale Jumbe asanabadwe. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wa kuno kwathu Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za porcelain ya ku China ya nthawi ya ufumu wa Ming, umene unatha mu 1644. Zotsatira za ntchito yake zinatuluka m'buku mu 2020. Kachidutswa kosaposa chikhadabo kakuchitira umboni kuti mudzi wa m'mphepete mwa nyanja yathu unali kumapeto a njira yoyambira ku Jingdezhen.

M'zaka za m'ma 1800 njirazo zinakula. Sultani Seyyid Said atakhazikika ku Zanzibar cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah anafika ku Nkhotakota nakhala Jumbe woyamba. Kummawa ndi kumwera kwa nyanja, mafumu a Chiyao monga Makanjira, Mponda ndi Mataka ankatumiza apaulendo ku Kilwa ndi madoko ena. Anabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti, mbale, luso lolemba ndi zilembo za Chiarabu, ndi chipembedzo chimene tili nacho. Koma tisabise kuti popita kugombe apaulendo omwewo ankasenza minyanga ndi kutsogoza anthu omangidwa m'magoli. Chiwiya cha nthawi imeneyo chimasunga mbali zonse ziwiri za mbiriyo, ndipo banja lochisunga liyenera kuuza ana ake zonse ziwiri.

Chimene chidindo chinanena

Mawu a kunsi kwa mbale ya agogo anali akuti Petrus Regout & Co, Maastricht, ndipo m'munsi mwake Made in Holland. Petrus Regout anali wamalonda wa mumzinda wa Maastricht amene anatsegula fakitale youmba mbale mu 1836. Chilombo chogona pa mwala chija ndi sphinx, chizindikiro chimene fakitaleyo inayamba kudinda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mumzinda womwewo munali fakitale ina, Société Céramique, ya chidindo cha mkango. Mafakitale amenewa, pamodzi ndi ena a ku England ndi Scotland, anachita zomwe Achina anachita zaka 500 m'mbuyomo: anaphunzira zokonda za ogula a Chisilamu, najambula mwezi, nyenyezi ndi maluwa, natumiza mbalezo zambirimbiri ku Indonesia, ku India, ku Arabu ndi ku Zanzibar.

Mawu akuti Made in Holland ndiwo anadula mlandu wa zaka. Mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo lakuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dzina la dziko limene wachokera, ndipo kuyambira 1891 mafakitale ambiri a ku Ulaya anayamba kuonjezera dzinalo pa zidindo zawo. Mbale yathu, tsono, ndi ya pambuyo pa nthawi imene Jumbe woyamba ankafika ndi zaka pafupifupi 50 kapena kuposerapo. Ndi ya masiku amene Angerezi ankalanda ulamuliro kunyanja, pamene katundu ankalowa pa njira ziwiri: ya apaulendo ochokera kugombe, ndi ya sitima zodzera ku Chinde, Zambezi ndi Shire kukafika m'masitolo a amwenye.

Nditawauza mayi, anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Ndiye kuti amayi ankanama?" Ndinawayankha kuti ayi. Kwa anthu a nthawi imeneyo, chilichonse chodzera ku Zanzibar chinali cha ku Arabu, ndipo zochitika za masiku a maJumbe onse zinkasonkhanitsidwa pa dzina la woyambayo. Mawu a agogo anasunga njira imene mbale inadzera. Chidindo chinasunga malo ndi nthawi imene inaumbidwa. Wolemba mbiri amafuna zonse ziwiri.

Mmene mungayang'anire chiwiya chakale

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi thupi la chiwiyacho. Porcelain yopyapyala mukaiyang'anitsa ku dzuwa imalola kuwala kudutsa, ndipo mukaigogoda pang'ono ndi chala imalira ngati belu, pokhapokha ngati ili ndi mng'alu. Mbale za dongo wamba, monga za ku Maastricht, sizidutsa kuwala, zimalira mogontha, ndipo zikakalamba galasi lake limachita timing'alu tosaoneka bwino ngati ukonde wa usipa. Pamene pabenthuka onani mtundu wa dongo la m'kati.

Kachiwiri, tembenuzani. Mkombero umene mbale imakhalira umanena zambiri. Ya zaka 100 imakhala yoperepeseka mosalala pamalo okhudza pansi, chifukwa cha kukhuzika pa mphasa ndi pa tebulo. Yokalambitsidwa dala imakhala ndi zokanda zofanana paliponse, kapena litsiro lopaka limene limachoka ndi madzi.

Kachitatu, yang'anani zojambula. Dzanja limasiya mizere ya burashi, pena pokhuthala pena popyapyala, ndipo maluwa awiri safanana ndendende. Zodinda ndi siponji zimabwereza duwa lomwelo ndi m'mphepete mofufuma. Zosindikiza pa pepala n'kumata pa mbale, luso limene linayamba ku England m'zaka za m'ma 1750, zimaonetsa timadontho ndi timizere tosalala, ndipo kawirikawiri mumapeza pamene mapepala awiri anakumana mosalingana.

Kachinayi, werengani chidindo. Cha ku Britain chooneka ngati dayamondi yokhala ndi zilembo m'ngodya chinagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883. Kuyambira 1884 anayamba kulemba Rd No ndi nambala. Mawu akuti Nippon amapezeka pa katundu wa ku Japan wa 1891 mpaka 1921, ndipo akuti Made in Occupied Japan ndi a zaka zotsatira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, osapitirira 1952. Chenjerani ndi zilembo za Chichina zotchula dzina la mfumu. Oumba a m'mibadwo yotsatira ankalemba mayina a mafumu akale, ena polemekeza, ena ponyenga, ndipo mpaka lero akulembabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musachotse zolumikizira zachitsulo pa mbale yosweka, pakuti ndi mbali ya mbiri yake. Musaikweche ndi mchenga kapena phulusa; madzi ofunda ndi nsalu yofewa n'zokwanira. Ndipo musadyere m'mbale yakale yong'aluka, chifukwa galasi la mbale zambiri zakale lili ndi mtovu umene ungalowe m'chakudya.

Cha m'bokosi ndi cha m'nthaka

Mbale yosiyidwa ndi makolo ndi chuma cha banja, ndipo banja lingagwirizane chochita nayo. Langizo langa ndi lakuti musanamve mtengo wa wogula, muyambe mwadziwa chimene muli nacho. Ijambuleni pamwamba ndi kunsi. Khalani pansi ndi akuluakulu amene atsala, mulembe m'kope dzina la mwini wake woyamba, kumene ankakhala, mmene anaipezera ndi masiku amene inkatuluka. Pepala limenelo lisungidwe pamodzi ndi mbaleyo.

Chopezeka m'nthaka ndi nkhani ina. Phale limalankhula likakhala pamalo pake: kuya kwake, makala ali pambali pake amene akatswiri amayeza kuti adziwe zaka, mikanda ndi mafupa ozungulira. Likangozulidwa n'kuikidwa m'thumba, zonsezo zatayika ndipo sizibwezeka. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale, Monuments and Relics Act, limene limaletsa kufukula kapena kutulutsa zinthu zotere m'dziko popanda chilolezo. Mukapeza mbiya, mikanda kapena mafupa polima kapena pokumba maziko, siyani pomwepo, dziwitsani amfumu, ndipo uthenga ukafike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, monga kudzera ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Mangochi kapena ya ku Chichiri ku Blantyre. Za kufukula manda pofuna katundu, palibe Msilamu wofunika kukumbutsidwa kulemera kwake.

Mbale ya agogo sitinagulitse. Titafufuza tinapeza kuti mbale zotere zinapangidwa zochuluka kwambiri, ndipo si za mtengo wosintha moyo wa munthu. Amalume anapeza feteleza mwa njira ina, ngakhale kuti chaka chimenecho anathira wochepa ndipo anakolola mochepa. Sindinganene kuti kukana kwa mayi kunalibe mtengo wake. Pa Idi yapitayi mayi anaitulutsa, naikamo zipatso zosasenda, naitana adzukulu. Anawauza za agogo, za Jumbe ndi za apaulendo. Atamaliza anaitembenuza, napempha mdzukulu wamkulu, amene ali Sitandade 7, kuti awerengere anzake mawu a kunsi.